Pakamwa pakakhota, thamangirani kuchipatala, zina zonse pambuyo

Sabata yathayi pa gulupu ya WhatsApp ya anthu akumudzi kwathu panali mkangano wa dzaoneni, nkhani yake ya sitiroko. Anayambitsa ndi mlongo wina amene anatumiza uthenga uja umazungulira chaka ndi chaka uja, woti munthu akagwidwa sitiroko musamusunthe, mutenge singano muiwotche pamoto, mumubaye kunsonga kwa zala zonse khumi mpaka magazi adonthe, mumukokenso makutu mpaka afiire, ati mukatero munthu amatsitsimuka. Nde anthu anagawanikana. Ena amati nzoona izi zinathandiza m'bale wake wa mnzawo wa kuntchito, ena amati ayi sitiroko ndi hamala ya afiti basi kuchipatala mumangokataya nthawi, abambo ena opemphera anati choyamba ndi kuitana abusa, pomwe anyamata awiri amene ali ku Johannesburg anangoti kwathuko chipatala chake chiti, akangokupatsani Panado nkukubwezani. Ndinawerenga zonse mpaka usiku ndipo ndinaona kuti kuyankha ndi kamesiji kamodzi sikukwana.

Mbali yanga ndi iyi ndipo sindizungulira: munthu pakamwa pakamukhota mwadzidzidzi, kapena mkono ndi mwendo wa mbali imodzi zikafooka, kapena mawu akayamba kutuluka ngati waledzera pomwe sanalawe ndi dontho lomwe, ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo. Osati kukacha, osati amalume akafika, osati mapemphero akatha, osati tione kaye ngati zisinthe. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Ubongo umadya kudzera m'magazi, ndipo sitiroko ndi pamene magazi asiya kufika pa mbali ina ya ubongo, mwina chifukwa kamgulu ka magazi oundana katseka mtsempha, mwina chifukwa mtsempha waphulika magazi nkumathira m'mutu momwemo. Ubongo si mnofu wa pa ntchafu woti ungapirire njala kwa tsiku, ukangosowa magazi umayamba kufa pa mphindi zochepa. Katswiri wina wa ku America anawerengetsera mu 2006 kuti pa sitiroko yaikulu yotseka mtsempha, munthu amataya timaselo ta ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni pa mphindi iliyonse imene sakuthandizidwa. Mphindi imodzi imeneyo, ija mumathera pofunafuna pamene mwaika machesi owotchera singano. Ndipo tikafa timaselo timeneti sitiphukanso ngati udzu wa pa dambo.

Ndinene kaye za azakhali anga, poti ine nkhaniyi sindinaiwerenge m'buku mokha. Tsiku lake kunali m'mawa, iwo atakhala pa khonde akumwa tiyi, mdzukulu wawo anangomva kapu yagwa. Atayang'ana anaona agogo ake akuyesa kuitola ndi dzanja lamanja koma dzanjalo likungokhudza pansi ngati si lawo, tiyi wina akutsika pa mbali ya mlomo. Mwana anafunsa kuti "Agogo, mwatani?" iwo nkuyankha, koma zimene zinatuluka sizinali mawu, zinali ngati munthu wadzaza mbatata yotentha mkamwa. Maso anali otsegula bwinobwino, amamva zonse, moti amakwiya kuti anthu sakuwamvetsa. Anthu anawanyamula nkukawagoneka pa mphasa m'nyumba. Apa mpamene tinalakwitsa ife a banja, ndikuti ife chifukwa ndinaimbiridwa foni cha m'ma 8 koloko ndipo nanenso ndinangoti "apatseni madzi apume, ndiimbanso masana". Amalume, amene ndi eni mbumba, anali kutali ku maliro ndipo palibe amene anafuna kunyamula mlongo wawo iwo asanalamule. Masana anawaphikira phala kuti apeze mphamvu, akamawamwetsa amatsamwa nkumatsokomola, anthu nkumati limbikirani amayi, kaya spuni ziwiri zokha. Kuchipatala anafika mawa lake madzulo. Funso loyamba la nesi linali lakuti "zinayamba nthawi yanji?" ndipo atamva kuti dzulo m'mawa anangopumira m'mwamba osanena kanthu. Patatha masiku atatu thupi linatentha, adokotala anati chibayo, ndipo anatiuza mosapsatira kuti phala lija mbali ina limalowera ku mapapo chifukwa sitiroko inali itafooketsa kummero komezera. Chikondi chathu chomwe chija ndi chimene chinatsala pang'ono kuwapha.

Tsono tiyambe ndi za singano, poti ndi zimene zinayambitsa mkangano. Amene amakhulupirira uthengawu sindikuwanyoza, maganizo awo ndi akuti magazi athamanga kwambiri nde ukaboola penapake mphamvu ya magaziyo imatsika, ngati mmene umaphwetsera tayala. Zikumveka ngati zanzeru koma thupi siligwira ntchito choncho. Vuto lili mkati mwa mutu, mtsempha watsekeka kapena wang'ambika, ndipo timadontho khumi ta magazi ta kunsonga kwa zala sitingakatsegule mtsempha wa m'mutu, chimodzimodzi paipi ya madzi ikatsekeka kuseri kwa nyumba simungaikonze pobaya ndowa ya kukhitchini. Kupweteka kwa singanoko mwina kungowonjezera BP imene ili kale m'mwamba. Koma choipa kwambiri mu uthenga uja si singano ayi, ndi mawu aja oti musamusunthe, dikirani atsitsimuke kaye. Pamenepo mpamene pali imfa. Nanga aja amati m'bale wa mnzathu anachira atamubaya? Ndikhulupirira kuti anachiradi, koma pali sitiroko ina yaing'ono imene zizindikiro zake zimatha zokha, ndiifotokoza kutsogoloku, ndipo ameneyo akanadzuka ngakhale mukanamuimbira nyimbo ya fuko m'malo momubaya.

Chachiwiri ndi nkhani ya hamala, ndipo iyi ndi yozama kuposa ya singano chifukwa ili m'mitima ya anthu ambiri, ophunzira omwe, ngakhale sanena pagulu. Ndimamvetsa chifukwa chake anthu amaganiza choncho. Munthu anagona bwinobwino, dzulo lomweli amalima, sanadandaulepo mutu, lero wadzuka mbali imodzi yafa ndipo sakuyankhula. Matenda ena amayamba pang'onopang'ono, malungo amayamba ndi kuphwanya m'thupi, chifuwa chachikulu chimayamba ndi kutsokomola, koma awa amangofika ngati wina wakumenya kumbuyo. Ukawonjezera kuti sabata yatha anakangana ndi wina za malire a munda, nkhani yatha, wolakwa wapezeka. Koma taonani, zonse zimene zimadabwitsazi zili ndi tanthauzo lake. Imafa mbali imodzi chifukwa ubongo uli ndi mbali ziwiri ndipo mbali ya kumanzere imayendetsa thupi la kumanja, ya kumanja nkumayendetsa la kumanzere, komanso mwa anthu ambiri malo oyendetsa mawu ali kumanzere, nchifukwa chake azakhali anga linafa dzanja lamanja limodzi ndi mawu. Mfiti yanji imene imatsata ndondomeko imeneyi ku Malawi, ku India ndi ku Norway mofanana? Ndipo zoti munthuyo anali bwinobwino nthawi zambiri si zoona, anali ndi BP imene sanayezetsepo. BP yokwera siimva kuwawa, munthu amatha zaka khumi akuyenda nayo, ikudya mitsempha mwakachetechete ngati chiswe mu mtanda wa denga, tsiku logwa denga anthu nkumati lagwa mwadzidzidzi. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 kuno ku Malawi, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo samadziwa nkomwe kapena sanali pa mankhwala. Mmodzi mwa atatu. Werengani akuluakulu a pa gulupu yanu ya banja mugawe patatu.

Komanso ganizo la hamalali limavulaza anthu awiri nthawi imodzi. Wodwala amachedwa pa mphasa ya asing'anga akutemedwa mphini, ndipo kwinaku gogo wina wosauka wa kumapeto kwa mudzi amayamba kulozedwa zala, mwina kugwetseredwa nyumba kumene, pa mlandu wa mtsempha umene waphulika chifukwa cha BP. Paja lamulo la Witchcraft Act la 1911 likadalipo ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma tiyeni tinene kuti sindinakukhutiritseni, mukukhulupirirabe kuti pali dzanja la munthu. Chabwino, sindilowa mumtima mwanu. Funso langa ndi lakuti pakati pa sing'anga ndi ubongo, chimene sichingadikire nchiti? Asing'anga mukawapeza sabata ya mawa ali pompo ndi nsupa zawo, koma ubongo umene ukufa m'mawa uno sabata ya mawa simuupezanso.

Kwa abale anga opemphera ndiyankha mwachidule poti inenso ndine wa mpingo ndipo sindikuona mkangano weniweni apa. Amati Mulungu ndiye sing'anga wamkulu, tiyambe taitana Iye. Inde, itanani, koma pemphero silifuna kuti galimoto iime. Pempherani muli pamsewu, abusa akupezeni ku wodi, amayi a chigwirizano ayimbe ali pa benchi ya chipatala. Zipatala za ku Nkhoma, Malamulo, Ekwendeni, Likuni, Mulanje Mission ndi St Luke's ku Malosa anamanga ndi anthu a mipingo, anthu opemphera kuposa ine ndi inu, ndipo sanaone ngati kumanga wodi ndi kuchepa chikhulupiriro. Chimene ndimakana ine ndi zija zomugoneka wodwala pakati pa bwalo usiku wonse anthu akufuula, wina nkumamuthira madzi kapena mafuta odzozedwa mkamwa munthu amene sakutha kumeza. Madzi amenewo, odzozedwa kapena a pa mjigo, akalowera ku mapapo chibayo chake nchimodzimodzi.

Tsopano tifike pa mfundo ya anyamata a ku Johannesburg aja, imene kunena zoona ndi yolimba kuposa zonse ndipo siyofunika kuikankhira kumbali. Iwo akuti uthenga woti thamangani unapangidwira mayiko amene ukafika msanga umapezadi thandizo lapamwamba. Akunena zoona mbali ina. Ku Britain, kumene anayambitsa mawu oti FAST pofuna kukumbutsa anthu kuyang'ana nkhope, mkono, mayankhulidwe ndi nthawi, munthu akafika msanga amamulowetsa mu makina ojambula mkati mwa mutu a CT scan, akaona kuti mtsempha watsekeka osati kuphulika amamubaya mankhwala osungunula magazi oundanawo, ndipo mankhwala amenewa amafuna kuti munthu afike pasanathe maola anayi ndi theka chiyambireni zizindikiro. Kwathu kuno mankhwala amenewa si opezeka mwachisawawa, makina a sikani ali ku zipatala zikuluzikulu za m'tauni, ndipo tonse tinamvapo mawu aja oti makina awonongeka bwerani sabata ya mawa. Munthu wa kumudzi amene chipatala chake chapafupi chili ndi kachipinda kamodzi ndi medical assistant mmodzi, ukamuuza za maola anayi ndi theka akhoza kukuseka. Nde funso lawo ndi lachilungamo: kuthamangira chiyani?

Yankho langa loyamba ndi lakuti si zonse zooneka ngati sitiroko zimene zili sitiroko, ndipo kunyumba simungasiyanitse. Munthu wa matenda a shuga amene wamwa mankhwala osadya, shuga akatsika kwambiri amatha kufooka mbali imodzi nkumayankhula zosamveka ndendende ngati sitiroko. Kuchipatala, ngakhale chaching'ono, amamubaya chala kamodzi, osati kakhumi, nkuyeza pa kamakina, akapeza kuti ndi shuga amamupatsa madzi a shuga otchedwa glucose mu mtsempha ndipo pa mphindi zochepa munthu amadzuka nkufunsa kuti ndili kuti. Yemweyo mukamusunga kunyumba mpaka mawa mukhoza kumuika m'manda pa vuto loti likanatha nthawi yomweyo. Palinso malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, ndi matenda ena a mu ubongo amene amagwira anthu amene chitetezo chawo chatsika, onsewa ali ndi mankhwala ake m'zipatala zathu zomwezi ndipo onsewa safuna kuchedwa. Yankho lachiwiri ndi lakuti ngakhale itakhala sitiroko yeniyeni, ambiri amene amamwalira m'masabata oyamba sikuti amaphedwa ndi sitiroko yokhayo, amaphedwa ndi zobwera pambuyo pake: chibayo chobwera chifukwa chotsamwa, kutha madzi m'thupi, kutentha thupi, zilonda za pamsana ndi m'chiuno chifukwa chogonera mbali imodzi, magazi kuundana m'miyendo. Zonsezi achipatala amadziwa kuziteteza popanda makina odula. Amayesa kaye ngati munthu akumeza, ngati sakumeza amamuika kapaipi ka m'mphuno kodyera, amamuika diripi, amakuphunzitsani kumutembenuza maola awiri aliwonse, amayamba mafizo msanga mfundo zisanaume. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri anaonetsa kale kuti odwala sitiroko akasamalidwa mu wodi yawoyawo ndi anthu ozolowera matendawa, omwalira ndi olumala kwambiri amachepa, ndipo nchifukwa chake ku chipatala cha Queens ku Blantyre anakhazikitsa kagawo kapadera ka odwala sitiroko. Panado amene anyamata aja akunena si nkhani yonse.

Pali chinanso chimene anthu ambiri sadziwa, ndipo ndi chifukwa china chosadzipangira udokotala kunyumba. Sitiroko yotseka mtsempha ndi yophulika mtsempha kunja zimaoneka mofanana koma mankhwala ake ndi otsutsana. Aspirin amathandiza pa yotseka, koma pa yophulika amawonjezera kukha magazi m'mutu. Nde zija zoti aneba abwera ndi aspirin wawo, kapena mwamuyeza pa kamakina ka kunyumba mwapeza BP ili m'mwamba nde mwamumwetsa mapilitsi awiri a amuna anu kuti itsike msanga, ndi juga yoseweretsa moyo wa munthu. M'maola oyamba a sitiroko BP imakwera mwa anthu ambiri, ndipo kuigwetsa mwadzidzidzi kumatha kuchepetsanso magazi ofika pa mbali ya ubongo imene ikupumira m'mwamba kale. Achipatala amadziwa nthawi yoitsitsa ndi mlingo wake. Ndiwonjezerenso kaganizo kanga apa: tikamafika tonse patatha masiku awiri, tikuwapatsa a boma chifukwa chabwino chosagulira mankhwala a maola anayi ndi theka aja, adzati tigulire ndani poti palibe amafika pa nthawi yake. Kudandaula za zipatala zathu nkoyenera ndipo ndidzadandaula nanu limodzi, koma kudandaulako kusasanduke chifukwa chomusiyira mayi ako pa mphasa.

Mfundo ina imene inatuluka pa gulupu paja, ndipo iyi anainena ndi mayi wina mofatsa, ndi ya ndalama ndi mtunda. Anati inu a m'tauni mumayankhula mophweka, kuno usiku galimoto kulibe, ambulansi ukaimba amati mafuta palibe kapena yapita kwina, wa galimoto ya hayala amatchula mtengo woti ugulitse mbuzi. Izi sindingatsutse, ndi moyo umene anthu akukhala. Koma ndiloleni ndinene chinthu chowawa pang'ono. M'mudzi momwemo, munthu yemweyo akamwalira, galimoto imapezeka pa ola limodzi. Ndalama ya bokosi imapezeka, ya ufa ndi ndiwo za anthu mazana imapezeka, ana a m'tauni ndi a kunja amatumiza pa Airtel Money ndi Mpamba usiku womwewo, mafumu amalamula anyamata ndipo palibe amakana. Ndiye kuti luso losonkhanitsa thandizo mwachangu tili nalo, kungoti tinalisungira maliro. Bwanji a banki mkhonde osapatula kathumba ka thiransipoti ya matenda adzidzidzi, monga amachitira ndi ka chisoni? Bwanji nyumba iliyonse imene muli munthu wa BP kapena shuga osasunga nambala ya wa galimoto wapafupi, nkugwirizana naye kale kuti zikavuta anyamule kaye ndalama ibwera? Pamene palibiretu galimoto, ngolo kapena machila zafikitsapo anthu pamsewu kuyambira kale. Kabaza wa njinga yamoto ndi wa potsiriza chifukwa munthu wofa mbali imodzi sangadzigwire, pamafunika wina kumbuyo womukumbatira zolimba. Ndipo chipatala chaching'ono musachidumphe poganiza kuti nchopanda ntchito ngati ndi chokhacho mungafikeko, chifukwa pamenepo mpamene amayeza shuga ndi BP nkukulemberani kalata yopitira ku chipatala cha boma cha pa boma.

Za kudikira eni mbumba nazo tizikambe poyera. Mwambo woti munthu sanyamulidwa popanda amalume kapena mwamuna wake kudziwa unali ndi nzeru yake, umateteza kuti mkamwini kapena mtengwa asadzanenedwe kuti anapita naye kukamupha. Ndikudziwa mantha amene mtengwa amakhala nawo, poti zikakavuta kuchipatala mlandu wonse umagwera iye. Koma lero foni ili m'thumba la aliyense. Imbani muli m'njira, nenani kuti "Amalume, amayi pakamwa pakhota, tanyamuka, mutipeza kuchipatala", kumeneko ndi kudziwitsa ndipo ulemu wakwana. Amalume anga atafika tsiku lija nkumva kuti anthu amadikira iwo, anakhala pansi nkugwira mutu, anati "Ana inu, ine ndine dokotala kodi?" Akuluakulu a mabanja, lankhulani mawu amenewa lero anthu ali bwino, kuti tsiku la tsoka mwana wa zaka 15 amene ali yekha pakhomo adziwe kuti ali ndi chilolezo choitana galimoto.

Yotsala ndi ija ndinalonjeza, ya anthu amene amati zinandichitikirapo koma zinatha zokha. Dzanja linachita dzanzi kapu nkugwa, lilime linalemera kwa mphindi khumi, kapena diso limodzi linachita mdima ngati wina watsitsa katani, kenako zonse zinabwerera mwakale munthu nkupitiriza kusenda chimanga. Ambiri amati kunali kutopa kapena mphepo yoipa inangodutsa. Achipatala amaitcha TIA, kasitiroko kakang'ono, kutanthauza kuti mtsempha unatsekeka nkutsegukanso wokha. Ameneyu ndi munthu wamwayi kuposa onse chifukwa wachenjezedwa ulele, koma ngozi ya sitiroko yaikulu imakhala pamwamba kwambiri m'masiku oyambirira omwewo, makamaka awiri oyamba. Apa mpamene chipatala chathu chosaukachi chimagwira ntchito yaikulu zedi ndi zinthu zotchipa: kuyeza BP ndi shuga, kumvetsera ngati mtima ukugunda modumphadumpha, kuyamba mankhwala. Sitiroko imakonda kubwereza ndipo siona nkhope. A Levy Mwanawasa, amene anali pulezidenti wa Zambia, anadwala sitiroko yaing'ono mu 2006 nkuchira, mu June 2008 inawagwiranso ali ku msonkhano wa African Union ku Sharm el-Sheikh ku Egypt, ndipo anamwalira ku chipatala pafupi ndi Paris mu August chaka chomwecho. Ngati inabwerera kwa munthu woyenda ndi madokotala ake, nanga kwa ine ndi inu amene timasiya mankhwala a BP tikangomva bwino sabata ziwiri? Paja iyi ndi nthenda ina ya ife Amalawi, botolo likatha timati ndachira, pomwe BP siichira, imangogonekedwa ndi mankhwalawo.

Musaganizenso kuti ndi za nkhalamba zokha. Kafukufuku amene anachitika ku Blantyre anaonetsa kuti kachilombo ka HIV ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu za sitiroko mwa achinyamata ndi a zaka zapakati kuno kwathu, makamaka amene chitetezo chatsika kwambiri, nchifukwa chake kuyezetsa ndi kuyamba ma ARV msanga thupi lisanafooke nkofunika. Amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene BP ikakwera nawonso ali pa ngozi, ana a matenda a magazi a sickle cell chimodzimodzi. Nde mnyamata wa zaka 30 akayamba kuyankhula mokoka lilime masana dzuwa likuswa mtengo, musathamangire kunena kuti walawa kachasu, muuzeni amwetulire muone ngati mbali imodzi ya mlomo ikutsalira, muuzeni akweze manja onse awiri muone ngati lina likutsika lokha, muuzeni atchule dzina lake ndi la mudzi wake. Chimodzi chokha mwa izi chikalakwika nchokwanira, simufunika kudikira zonse. Enanso imawayamba ndi mutu woopsa umene sanaumvepo chibadwire, kapena chizungulire chodzandira nacho, kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Yang'anani nthawi pa foni muisunge m'mutu chifukwa akakufunsani, tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa, ngati akusanza kapena wakomoka mugonekeni chammbali, ndipo mkamwa musaikemo kanthu, kaya madzi, kaya phala, kaya mankhwala.

Azakhali anga alipo. Anakhala mu wodi masabata atatu, kenako miyezi ya mafizo, pano amayenda ndi ndodo akukoka mwendo, mawu anabwerera ngakhale mayina a adzukulu amawasokoneza ndipo akasokoneza amaseka okha. Dzanja lamanja lija silinabwerere, limangokhala pa chifuwa litapindika, nsima anaphunzira kudyera kumanzere ali ndi zaka zoposa 60 ndipo chitenje amawamanga ndi mdzukulu uja anaona kapu ikugwa. Sindinganene motsimikiza kuti tikanapita m'mawa womwewo dzanjalo likanapulumuka, koma chibayo chija ndi masabata aja a kutentha thupi ndikudziwa kuti zinachokera mu spuni yathu, ndipo foni ija ya 8 koloko ndimaikumbukabe mawu anga onse.

Dzulo usiku uthenga wa singano uja wabweranso pa gulupu, wautumiza msuweni wanga wina amene mkangano wonse uja unamudutsa, pansi pake walembapo kuti tumizani kwa anthu khumi mupulumutse moyo. Ndamuimbira m'mawa uno. Mayi ake ali pa mankhwala a BP chaka chachinayi tsopano, ndipo nditamufunsa kuti atagwa usiku angaimbire galimoto ya ndani, anakhala chete kenako anati andiyankha madzulo.